Makadi a M'chikwama cha Alamu

"Ndati ndi utuchi," anatero kalipentala, osadzutsa n'komwe mutu pa thabwa limene ankapala. "Mwana wosewera pomwe munthu akucheka matabwa, umati m'maso mwake mulowa chiyani? Shuga?"

Make Kamlomo anali ataima pakhomo la shedi, beseni la madzi ofunda lili m'manja. Anamuyankha mwamuna wakeyo kuti utuchi amaudziwa bwino, wausesa zaka khumi ndi ziwiri, ndipo ukalowa m'diso umatuluka ndi misozi tsiku lomwelo. Apa tsopano linali tsiku lachisanu ndi chinayi. Komanso mwanayo kushediko anasiya kalekale kupondako, chiyambire kumwa makapisozi aja.

Apo mpamene kalipentala anaika pansi chopalira chake. Anayang'ana kumsewu ngati pali wina akumvetsera.

"Mankhwala aja usamawatchule choncho iwe. Achimwene akamva aziti tikunyoza thandizo."

"Sindikunyoza. Ndikuwerenga masiku basi."

Anatembenuka n'kulowa m'nyumba.

Kamlomo anali mwana wawo woyamba, mtsikana wa zaka khumi ndi chimodzi. Dzinali anamupatsa ndi anthu a pamjigo, chifukwa ankati akayamba kulankhula ndowa imadzaza n'kusefukira iye asanapume. Chaka chathachi anadwala nthenda ija yobwera ndi tintchentche toluma, yotupitsa mimba, koma anachira. Chaka chino kumaso ndi m'mikono kunatuluka timawanga totuwa. Kuchipatala chaching'ono anati tizilombo tina tinatsalira pansi pa khungu, ndipo ayenera kumwa makapisozi masabata khumi ndi awiri, m'mawa ndi madzulo, osadumphitsa ngakhale kamodzi. Make Kamlomo sanali munthu wouzidwa kawiri. Anakhoma msomali kuseri kwa chitseko, n'kumabaya pamenepo kapepala kalikonse konyezimira kakatha makapisozi. Timawanga tinayambadi kuzimiririka. Koma sabata yachisanu maso a mwanayo anafiira.

M'chipinda munali mdima, chifukwa pawindo anali atatchingapo bulangete. Kamlomo anali atakhala pamphasa, msana kukhoma, mutu pamaondo. Mayi ake ananyowetsa kansalu n'kuyamba kupukuta zikope pang'onopang'ono, kuchokera kumphuno kupita kukhutu, monga ankachitira ali khanda. Misozi inkangotsika yokha mwana asakulira.

"Amayi, ndamva zonse," anatero. "Awuzeni ababa kuti ngati ndi utuchi, ndiye m'diso mwanga muli mpando wathunthu."

Make Kamlomo anaseka pang'ono kuti mwana amve, koma dzanja lake linaima. Diso lakumanzere linali lofiira ngati nyama yaiwisi. Atatha kupukuta anatenga kapu ya madzi, natulutsa kapisozi wa m'mawa, n'kumupatsa. Anadikira mpaka ataona pakhosi pakugwedezeka.

Tsikulo linali Lolemba, ndipo kunabwera a Chikwama, monga mwa masiku onse. Iwo anali mkulu wake wa kalipentala. Sanali dokotala, sanali namwino, koma chipatala chaching'ono chinawasankha kuti azitengera anthu mankhwala sabata ndi sabata, popeza chipatalacho chinali kutali ndipo iwo sankatopa kuyenda. Ntchitoyi ankaigwira mosalipidwa, dzuwa kapena mvula, atakoleka chikwama chobiriwira paphewa, mpaka dzina lawo lenileni linaiwalika. Ana akamasewera zachipatala, wosewera dokotala ankakoleka thumba n'kumayenda motsimphina pang'ono ngati iwo.

Make Kamlomo anawaikira mpando pakhonde, nawapatsa tiyi, kenako anatulutsa mwanayo atamufunditsa nsalu kumutu. Anafotokoza zonse mwadongosolo: tsiku limene zinayamba, diso limene linayamba, kuti dzuwa limamubaya ngati singano, kuti kusukulu sapitanso. A Chikwama anamukweza mwanayo chibwano, namutsegula chikope ndi chala. Anayang'ana nthawi yaitali kuposa mmene make Kamlomo ankayembekezera. Kenako anapukuta chalacho pa thalauza n'kunena kuti nthenda ya maso ofiira ikuyenda, ngakhale kusukulu ana angapo ali nayo.

"Ana ake ati, alamu?"

"Ambiri ndithu. Inu muzingopukuta ndi madzi otentha pang'ono, othira kamchere. Koma mankhwala asalekeze. Kuona maso a nkhono n'kudekha, mlamu."

"Nkhonoyo maso ake ali bwinobwino. A mwana wangawa ndi amene akutha."

A Chikwama anaseka, nati mkazi uyu akanapitiriza sukulu bwenzi ali loya. Kenako anatsitsa mawu. Anapempha kuti nkhaniyi isafike pamjigo, chifukwa pakamwa pa anthu mpotentha, mawa lomweli imveka kuti makapisozi akuchotsa anthu maso. Anatinso kuchipatala chachikulu kulibe chifukwa chopitira, n'kutali, ndipo kumeneko munthu umangokhala pamzere tsiku lonse n'kupatsidwa madzi omwewo a mchere. Kalipentala, amene anabwera kudzaima pafupi ndi pensulo kukhutu, ankangovomera ndi mutu. Mkulu wake atanyamuka anauza mkazi wake kuti mawu a akulu akoma akagonera.

Anagonera masiku asanu ndi awiri. Make Kamlomo anapukuta ndi madzi a mchere m'mawa, masana ndi madzulo, ndipo makapisozi sanadumphitse. Pamjigo amayi anzake akamufunsa kuti kawailesi kaja kali kuti masiku ano, ankayankha kuti kali ndi chimfine. Kunyumba kunakhala bata lachilendo. Sowo inkamveka kushedi, nkhuku zinkapalasa, koma panalibe wofunsa chifukwa chake nkhuku ilibe mano, kapena amene anayamba kupanga misomali anakhomera chiyani nyundo yake. Lachinayi mwanayo anagunda ndowa imene inali pakati pa khomo, nati sanali kuyang'ana. Loweruka anathira madzi pambali pa kapu.

Lolemba lotsatira a Chikwama anafika chikwama atachikumbatira m'khwapa. Lamba anali ataduka panjira. Anachipereka kwa mlamu wawo kuti awasokereko, popeza singano yake imagwira kuposa ya telala, iwo n'kupita ndi mng'ono wawo kukayeza chitseko cha kalasi ina kusukulu. Za maso anangofunsa ali chiimire, ndipo yankho sanalidikire.

Make Kamlomo anatenga singano yaikulu ndi ulusi wolimba n'kukakhala pakhomo la chipinda, pamene kuwala kunkafika pang'ono. Kulowetsa ulusi m'singano inali ntchito ya Kamlomo kuyambira ali ndi zaka zisanu. Ankalanda yekha, n'kumadzitama kuti iye amalowetsa kamodzi pomwe amayi ake amanyambita ulusi katatu. Mwachizolowezi mayiyo anatambasula dzanja n'kumupatsa.

Mwanayo analandira. Ananyambita ulusi, nakweza singano pafupi ndi mphuno. Ulusi unadutsa pambali. Anayesanso. Kachitatu make Kamlomo anaona kuti singano waigwira chadodolido, kuthwa kuli m'mwamba, ndipo akufunafuna bowo kumene kulibe.

"Ukuiona singanoyo?"

Mwanayo ananyambitanso ulusi.

"Ndakufunsa, mwanangu."

"Ndi ili ndikuiona pang'ono. Ndi ili ndikungoona utsi." Anatsitsa singanoyo. "Sindinanene chifukwa abambo aakulu anati ndikamadandaula anthu asiya kumwa mankhwala, ndiye akafa ndi ine."

Make Kamlomo anatenga singano ija m'manja mwa mwanayo mosafulumira, naibaya pa nsalu yake pachifuwa. Anamuyang'anitsitsa diso lakumanzere. Pakati penipeni, pakuda paja, panali kamtambo koyera ngati dontho la mkaka.

Sanalire. Manja ake ankafuna chogwira, ndiye anakoka chikwama chija. Kuti lamba asokeke bwino pankafunika kulowetsa dzanja m'kati, choncho anakhuthulira zonse pamphasa: mabokosi a makapisozi, bolopeni, kope, sopo wotsala pang'ono. Pansi penipeni, m'kathumba ka m'kati, munali kamtolo ka makadi achikasu omangidwa ndi mphira. Mphirayo inali itafooka, ndipo atangoikhudza inaduka.

Makadiwo anali asanu ndi awiri. Lililonse linali ndi dzina pamwamba, lolembedwa ndi dzanja la namwino wa kuchipatala chaching'ono. Lachitatu linali ndi dzina la mwana wake, lenileni lija la kusukulu, ndi tsiku limene anayamba mankhwala. Pansi pa dzinalo panali chithunzi cha diso lofiira likugwetsa msozi, pambali pake dzanja lotambasula ngati la wapolisi woimitsa galimoto.

Make Kamlomo sukulu analekezera kalasi yachisanu, koma zilembo zikuluzikulu sizinkamugonjetsa. Anaika chala pansi pa mawu n'kuwerenga limodzilimodzi, milomo ikuyenda. Khadilo linkati maso akafiira, akamapweteka, akamatuluka misozi kapena akamaopa kuwala, siyani kumwa mankhwalawa ndipo pitani kwa dokotala wa maso lero lomwe. Anawerenga kawiri. Mawu akuti lero lomwe anali odulidwa mzere pansi.

Anayang'ana kuseri kwa chitseko, pa msomali paja. Timapepala tonyezimira tinali titadzaza mpaka kumutu kwa msomali, tonse tobayidwa ndi dzanja lake.

Lamba anamusoka ndithu. Anamusoka mizere iwiri, namanga mfundo, naluma ulusi. Kenako anabwezera zonse m'chikwama kupatula makadi aja, amene anawayala patebulo motsatana ngati akuyanika. Anauza mwanayo kuti avale diresi yoyera ija ndi nsapato.

Amuna awiri aja anabwerera dzuwa lili pamutu, akuseka za mphunzitsi wamkulu amene ankafuna chitseko chachikulu kuposa khoma. A Chikwama atalowa anaona patebulo, kuseka kunatha pomwepo. Kalipentala anafunsa kuti timapepala timeneti ndi tachiyani. Mkazi wake anamupatsa lachitatu lija, nati awerenge yekha, iye ndiye anafika patali ndi sukulu.

"Khalani pansi, alamu," anatero. "Chikwama chanu ndasoka. Tsopano mundiuze, makadi awa anakupatsani kuti musunge kapena kuti mugawe?"

A Chikwama anakhala. Anavula chipewa n'kuchiika pabondo. Sanakane kanthu. Anati makadiwo anawalandira tsiku loyamba lomwe, pamodzi ndi mabokosi, ndipo anagona nawo masiku awiri akuganiza.

"Inu mlamu munali musanabwere kuno pamene tinkagawa mankhwala a njoka zam'mimba kusukulu. Mwana mmodzi anasanza. Mmodzi yekha. Pofika madzulo nkhani inali yakuti tabweretsa mankhwala oletsa kubereka. Anandithamangitsa ndi miyala, mwendo uwu ndinathyokera m'ngalande tsiku limenelo. Chaka chotsatira nthenda yotupitsa mimba itafika, makomo anayi anandikaniza kulowa. Awiri mwa ana a m'makomo amenewo ndinanyamula nawo maliro ndine. Ndiye mundiuze, ndikanafika pakhomo la munthu ndi chithunzi cha diso lofiira ichi, ndani akanameza kapisozi ngakhale mmodzi? Nsomba ikaola imodzi, zonse zaola."

"Ndiye munaona kuti ndi bwino iole ya m'nyumba mwa mng'ono wanu, poti sinunkha kunja."

"Musatero. Namwino anati zimachitika kwa anthu ochepa kwambiri. Ndinati pa anthu asanu ndi awiri sizingatigwere."

"Zitatigwera, munatsegula chikope cha mwana uyu ndi chala chanu. Ndinakuonani. Munayang'ana nthawi yaitali. Munadziwa."

A Chikwama anatembenuza chipewa chija pabondo. Anati ankayembekeza kuti zitha zokha, ndipo kunatsala masabata ochepa kuti amalize. Akanalekeza, timawanga tikanabwerera, tintchentche tikanamuluma n'kukapatsira ena. Walira mvula walira matope, anatero, koma mawuwo anatuluka opanda mphamvu, ngati munthu akubwereza zimene wakhala akudziuza yekha panjira.

"Matope ndimawadziwa, alamu, amachapika. Diso silichapika. Inu munandiuza theka, theka linalo n'kuika m'thumba. Theka lakuti osadumphitsa ndinaligwira ndi manja awiri, onani pa msomali apo. Masiku khumi ndi asanu ndi limodzi ndakhala ndikumupatsa mwana wanga chinthu chomuotcha maso, m'mawa ndi madzulo, n'kumadikira kuti ameze. Mukanandipatsa mawu onse, ndikanawagwiranso onse. Munationa ngati ana oti sangasenze nkhani yathunthu. Ndiponso mwana wa zaka khumi ndi chimodzi munamusenzetsa maliro a mudzi wonse kuti atseke pakamwa."

Kalipentala anali ataima pakhoma, khadi lili m'manja. Anayamba kunena kuti achimwene sanachite dala, kuti nkhani ngati iyi imafunika kukhalirana pansi, mwina mawa kukacha aitane ndi ena. Mkazi wake anamufunsa kuti mawu odulidwa mzerewo akuti chiyani. Iye anayang'ana khadilo.

"Akuti lero lomwe. Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Inu khalani mukambirane, ine ndikutenga njinga."

A Chikwama ananena motsitsa kuti kuchipatala chachikulu akafunsa amene amagawa mankhwala, ndipo akalemba. Make Kamlomo anati akafunsa adzayankha, chifukwa iye mawu saika m'thumba. Anatenga khadi la mwana wake m'manja mwa mwamuna wake, otsalawo anawasiya patebulo, nati asanu ndi limodzi awo eni ake alipo, makomo awo a Chikwama amawadziwa.

Atatuluka ndi mwanayo anapeza kalipentala watsogola kale panja. Anali atagwada akupopa tayala lakumbuyo. Atatha anathamangira kushedi, nabwera ndi kathabwa kosalala ndi waya, n'kumangirira pansi pa kaliyala kuti mwana apondepo mapazi asalowe m'masipoko. Anamunyamula mwanayo yekha n'kumukhazika, namukonzera nsalu kumutu kuti dzuwa lisamupeze. Kenako anaima n'kuyang'ana kukhomo kumene kunali mkulu wake, nayang'ananso njinga.

"Pitani mukawaperekeze achimwene anu m'makomomo," anatero mkazi wake. "Njira ndikuidziwa."

Anapalasa maola atatu. Pamitunda ankatsika n'kukankha, mwana ali pompo atagwira chishalo. Pena Kamlomo ankafunsa kuti afika pati, mayi ake n'kumamuuza: pa mlatho, pa chigayo, pa msika wa mbuzi. Anafika dzuwa litapendeka, mwamwayi chipinda cha maso chisanatsekedwe. Make Kamlomo sanakhale pamzere. Anapita kwa namwino wa pakhomo n'kumuonetsa khadi lachikasu lija, ndipo namwinoyo atangoliona anaimirira.

Dokotala wa maso anali mayi wa imvi zochepa, wolankhula pang'onopang'ono. Anamukhazika Kamlomo pa makina oika chibwano, nadonthezera mankhwala achikasu m'maso, n'kuyang'ana ndi kuwala kopyapyala. Anafunsa tsiku limene kufiira kunayamba. Make Kamlomo ananena. Anafunsa tsiku limene anamwa kapisozi womaliza.

"Lero m'mawa," anayankha. "Ndinamupatsa ndine."

Dokotalayo sanakalipe. Anafunsa kuti khadili analilandira liti, ndipo atamva kuti lero lomwe, analemba kanthu pa pepala lake. Kenako anafotokoza mosabisa. Mankhwalawo ndi abwino, achiritsa anthu ambiri, koma mwa ena ochepa amatupitsa kagalasi ka kutsogolo kwa diso. Munthu akasiya msanga n'kubwera, nthawi zambiri diso limabwerera mwakale. Lakumanja analipeza nthawi ilipo. Lakumanzere linali litachita bala pakati, ndipo bala likapola limasiya chipsera. Kuwala aziona, mthunzi wa munthu aziona, koma zilembo ndi diso limenelo ayi. Za timawanga anati asadandaule, pali mankhwala ena amene amupatse maso akakhala pansi.

"Nanga tikanabwera sabata yatha?"

"Mayi, funso limenelo silikuthandizani. Londithandiza ine ndi ili: kwanuko akumwa mankhwalawa ndi angati?"

Anamuuza kuti atsala asanu ndi mmodzi, nawatchula onse ndi makomo awo. Anatchulanso a Chikwama, ndi za mwendo wawo, ndi za miyala ija, chifukwa anaona kuti nazonso ndi mbali ya nkhaniyo. Dokotalayo anati Lachisanu atumiza namwino kukaona maso a onsewo.

Anawagoneka masiku atatu. Ankadonthezera mankhwala ola lililonse, ndipo make Kamlomo anaphunzira kukoka chikope chapansi osakhudza diso ndi botolo. Tsiku lachiwiri Kamlomo anafunsa namwino chifukwa chake mabedi a m'chipatala ali ndi matayala pomwe sapita kulikonse. Tsiku lachitatu anauza mayi wa bedi loyandikana nalo mbiri yonse ya nkhuku zakwawo, imodziimodzi. Make Kamlomo anatuluka panja, nakhala pa benchi, ndipo mpamene analira, pang'ono chabe, kenako anapita kukachapa diresi.

Anabwerera Lachinayi masana. Kalipentala anawaona ali patali, nasiya sowo ili m'thabwa. Anamutsitsa mwanayo pa njinga n'kuyang'ana bandeji ya diso lakumanzere, kenako nkhope ya mkazi wake. Iye anamuuza mwachidule: limodzi lapulumuka, linalo latsala la kuwala basi. Kalipentala anakhala pansi pa chipika n'kugwira mutu.

M'nyumba, patebulo panalibe kanthu. Chikwama chobiriwira chinali chitakolekedwa pa msomali wa kuseri kwa chitseko, pamwamba pa timapepala tonyezimira tija. Make Kamlomo analowetsa dzanja m'kathumba ka m'kati. Makadi asanu ndi limodzi anali momwemo, omangidwa ndi ulusi wake womwe.

Mwamuna wake anafotokoza ali pakhomo. Anati tsiku lija ananyamukadi onse awiri, koma atafika pa mphambano achimwene anaima, nati mutu ukuwazungulira, apita mawa, n'kumusiyira chikwama. Mawa lakelo anatseka chitseko. Iye anaganiza zopita yekha, koma anaona kuti kungakhale kuwavula mkulu wake pagulu.

"Kawaitaneni. Muwauze kuti mwana wawo wabwera, akufuna kuwapatsa moni."

A Chikwama anafika ndevu zosameta, akutsimphina kuposa kale. Anaima pabwalo osayandikira khonde. Kamlomo, amene anali atakhala pamthunzi atavala chipewa cha bambo ake, anawalonjera mwaulemu monga mwa nthawi zonse. Kenako anakweza bandeji pang'ono, natseka diso lakumanja ndi dzanja.

"Abambo aakulu, ndi ili mukuoneka ngati mtengo m'chifunga. Koma ndadziwa kuti ndinu, poti mtengo sutsimphina."

Panalibe amene anaseka. A Chikwama anagwada pomwepo pa dothi, nagwira phazi la mwanayo, ndipo anakhala choncho kanthawi. Atadzuka anauza mlamu wawo kuti alibe mawu. Anati mawa namwino akubwera, ndi bwino agawe yekha makadiwo, chifukwa iwo akafika pakhomo la munthu ndi nkhani imeneyi, anthu ataya makapisozi onse m'chimbudzi, ndipo nthenda ibwerera.

"Mawa ndi mawa, alamu. Madzulo ano anthu asanu ndi mmodzi amezanso. Pakadafunda padajiwitsa. Ngati n'kutaya, ataye atamva zonse, koma ine sindikuona kuti ataya. Tipita tonse. Inu munena zimene zili pa khadi, ine ndinena zimene wanena dokotala, kuti mankhwala ndi abwino ndipo wa maso abwino apitirize. Uyu aziwaonetsa m'mikono kuti timawanga tachoka."

"Ndinenanso kuti akandipatsa ena," anatero Kamlomo, "ndipo ndikamwa."

"Mwamva? Wailesi tili nayo."

A Chikwama analowa m'nyumba mwakachetechete n'kutambasula dzanja kuti atenge chikwama pa msomali. Make Kamlomo anawatsekereza. Anatulutsa makadi aja, nadula ulusi ndi mano, n'kuwaika m'dzanja lawo.

"Chikwama chitsale. Awa muwagwire m'manja, anthu aziwaona tikubwera."

Ananyamuka anayi, kalipentala ali kumbuyo atabereka mwanayo kuti asapunthwe. Anadutsa pamjigo, ndipo amayi amene anali pamenepo anasiya kupopa. Kamlomo anawalonjera onse mmodzimmodzi, nawauza kuti chimfine chija chinali cha m'maso, adikire abwera kudzafotokoza bwino.

Khomo loyamba linali la wokonza njinga, amene mkazi wake anayamba makapisozi sabata imodzi pambuyo pa Kamlomo. Panja panalibe munthu, koma pawindo panali potchinga ndi thumba. Make Kamlomo analiona thumbalo, nayang'ana a Chikwama, ndipo anaona kuti nawonso aliona.

Anaodira ndi a Chikwama. Mawu anatuluka osasa, anachita kubwereza. M'kati munamveka kukwekwereza kwa mapazi, kenako chitseko chinatseguka pang'ono. Mayi uja anasuzumira, dzanja lili pamphumi kutchinga dzuwa, misozi ikutsika tsaya limodzi.

"Ndinu a Chikwama? Pepani, ndi utsi wa kukhitchini uwu. Wandivuta kuyambira dzana."

A Chikwama anafunafuna pa makadi aja mpaka anapeza la dzina lake. Analitambasulira mayiyo.

"Si utsi, mayi," anatero. "Wa madzulo ano musamwe. Khalani pansi ndikuwerengereni."